Botolo likhale ndi mtengo, mudzaona Mzuzu akuyera

Mvula ikangoyamba kuno ku Mzuzu, mkangano wathu wa chaka ndi chaka umabwerera. Ngalande zikatsekeka ndi mabotolo ndi majumbo, madzi n'kuyamba kulowa m'nyumba ku Chibavi, ku Chiputula ndi ku Masasa, anthu amaimba mafoni pa wayilesi kufunsa kuti khonsolo ili kuti. Ena amayankha kuti vuto ndi ife tomwe, timataya zinyalala paliponse komanso sitilipira misonkho. Masiku ano mumkanganowu mwalowa mawu atsopano, akuti circular economy, kutanthauza chuma chomwe chinthu sichifera kudzala koma chimabwerera kukagwiranso ntchito: pulasitiki asungunulidwe apange china, makoko a nthochi akhale manyowa, utuchi ukhale makala. Palibe amene akutsutsa kuti imeneyi ndi nzeru yabwino. Pomwe tasiyana ndi pa funso limodzi lokha: ndalama zoyendetsera zonsezi zituluke m'thumba mwa yani?

Mbali yanga ndiinena poyambirira pomwe. Ndalama zimenezi zizichokera kwa amene amapanga kapena kuitanitsa katundu yemwe pamapeto pake amasanduka chinyalala, ziziikidwa pa mtengo wa katunduyo, ndipo zizikathera m'manja mwa anthu amene amatola, kusankha ndi kukonzanso. Mabungwe akunja athandize, khonsolo ichite mbali yake, mabanki abwere pambuyo, koma nsanamira ya ntchitoyi ikhale botolo lenilenilo. Walira mvula walira matope: amene akufuna phindu la kugulitsa madzi, zakumwa ndi mafuta ophikira m'mabotolo apulasitiki avomerenso kusenza botololo likatha ntchito.

Chomwe chinandifikitsa pa maganizo amenewa si bukhu ayi, koma ngalande. Tsiku lina mudzaime pang'ono muyang'ane bwinobwino zomwe zili m'ngalande ya pafupi ndi kwanu. Mudzapezamo majumbo, timapaketi ta zokhwasula, matewera a ana ndi mabotolo apulasitiki ophwanyika. Koma botolo lagalasi la mowa kapena la Fanta simudzalipeza, chidutswa cha chitsulo simudzachipeza, poto wobooka wa aluminiyamu simudzamupeza. Zimenezi sizigona panja ngakhale usiku umodzi. Botolo lagalasi limabwerera ku golosale chifukwa wogulitsa sakulola kuchoka nalo usanasiye lina kapena ndalama ya dipoziti. Chitsulo chimapita pa sikelo ya ogula zitsulo zakutha, kapena kwa mmisiri amene amachisandutsa mbaula. Matayala akutha amasanduka nsapato ndi malamba omangira katundu pa njinga. Ndiye kunena kuti a Malawi ndife auve basi n'kulakwa. Munthu yemweyo amene amaponya botolo lapulasitiki pawindo la minibasi amasunga botolo lagalasi pansi pa bedi mpaka litabwerera komwe linachokera. Khalidwe lake ndi limodzi, chasiyana ndi mtengo wa botolo. Ndikudziwa kuti mtengo wa zitsulo wabweretsanso mavuto ake, poti ena amafika pakuba mawaya a magetsi ndi zivundikiro za ngalande kuti akagulitse, koma ngakhale zoipazo zikutsimikiza mfundo yomweyi, yakuti chinthu chikakhala ndi wogula chimayenda chokha.

Ku Zigwagwa kuli mayi wina amene ndimagulako thobwa. Madzulo ana amamubweretsera mabotolo m'thumba, iye n'kukhala pampando wake kumasankha limodzilimodzi. Amalikweza kudzuwa, n'kulifinya pang'ono kuti amve ngati likutuluka mpweya, n'kuyesa chitsekero. Labwino amaliponya m'beseni kuti akalitsuke, lophwanyika amalikankhira pambali ndi phazi. Ndinamufunsa kuti, "Amama, nanga awa mwakankhawa amapita kuti?" Anangoseka n'kunena kuti, "Adada, amenewa angagule ndani? Mvula ndiyo imawatenga." Mayiyu ndi anawo akuchita kale zomwe akatswiri akukambirana m'mahotela, ndipo akuchita popanda ndalama ya wina aliyense. Akulekera pomwe pathera wogula. Funso la ndalama ndiye lagona pa mulu wokankhidwa ndi phazi uja.

Njira yake si yachilendo. Botolo lililonse lapulasitiki likhale ndi dipoziti, tiyerekeze K50, yomwe wogula amalipira pogula n'kuilandiranso akabweza botolo pamalo ovomerezeka. Pa zinthu zomwe sizingabwezedwe chimodzichimodzi, monga mapaketi ndi matewera, wopanga alipire kangachepe pa kilogalamu iliyonse katundu akamatuluka m'fakitale, ndipo woitanitsa alipire pa chipata cha Songwe, Mchinji, Dedza kapena Mwanza, pomwe a MRA amawerenga kale katunduyo. Ndalamazo zilowe m'thumba lapadera lomwe ntchito yake ikhale imodzi: kulipira pa kilogalamu iliyonse yomwe yatoledwa ndi kufika kwa wokonzanso. Ku Germany dipoziti yotere inayamba mu 2003, botolo limodzi ndi masenti 25 a yuro, ndipo mabotolo oposa 90 pa 100 alionse amabwerera. Pafupi pompa ku South Africa makampani a mabotolo anakhazikitsa bungwe la PETCO mu 2004 kuti lizithandizira mtengo wa mabotolo otoledwa, ndipo mu 2021 boma lakumeneko linaika malamulo okakamiza opanga katundu kusenza udindo umenewu. Kwathu kuno mfundo yakuti woononga chilengedwe ndiye alipire ili kale m'lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe linabala bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Chatsala ndi kuimasulira kukhala makwacha.

Tsopano ndimve mbali ya otsutsa, poti ali ndi mfundo zomveka. Yoyamba ndi ya mitengo. Akuti munthu wa ku Mchengautuwa akulephera kale kugula sopo ndi shuga chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye muwonjezerenso china pa mtengo wa katundu? Ndipo n'zoona kuti kampani siidzatulutsa ndalamayo m'phindu lake mwaufulu, idzaikankhira kwa wogula. Yankho langa lili pawiri. Choyamba, dipoziti si msonkho, poti imabwerera. Amene amaitaya ndi yekhayo amene waponya botolo, ndipo amene amaitola ndi mwana uja wa ku Zigwagwa. Onani amene amamwa kwambiri madzi a m'botolo: ndi a m'maofesi, a m'misonkhano, a m'magalimoto. Ndiye kuti ndalama ikuchoka kwa opeza bwino kupita kwa osauka, zomwe misonkho yathu yambiri siichita. Chachiwiri, tikulipira kale, kungoti amene akulipira ndi wolakwika. Akulipira ndi mayi amene nyumba yake ya zidina zosaotcha yagwa chifukwa madzi anasowa kolowera. Akulipira ndi mlimi amene mbuzi yake yaonda mpaka kufa, poitumbula n'kupeza majumbo m'mimba. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ngakhale sindinganene kuti anabwera ndi mabotolo, aliyense akudziwa kuti madzi osefukira akadutsa m'zimbudzi n'kulowa m'zitsime, matenda amapeza njira. Mtengo ulipo kale. Ine ndikungopempha kuti uchoke pa mutu wa wosalakwa.

Otsutsa achiwiri akuti imeneyi ndi ntchito ya khonsolo, ndipo tili kale ndi misonkho ya nyumba ndi matikiti a mumsika. Apanso pali choonadi, ndipo sindikufuna kuti khonsolo ipeze pobisala. Komabe tiyeni tiwerenge bwino. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000 mumzinda uno, ndipo ambiri a ife tikukhala m'madera omwe anamangidwa popanda pulani, momwe galimoto ya zinyalala singalowe ngakhale itakhala ndi mafuta. Olipira msonkho wa nyumba ndi ochepa poyerekeza ndi otaya zinyalala. Kuonjezera apo, ndalama ya khonsolo ikapezeka imagula ntchito imodzi yokha, yonyamula zinyalala kuzichotsa pano kukazitaya uko. Kale zinkapita ku Mchengautuwa, kenako zinayamba kupita ku Msilo. Kusamutsa mulu sikuuchepetsa. Ndipo n'chifukwa chiyani nkhalamba yomwe ili ndi kanyumba kake ku Katawa, yomwe siinagulepo madzi a m'botolo, ilipirire chinyalala chomwe phindu lake linapita ku kampani ya ku Blantyre kapena ya kunja? Khonsolo ili ndi mbali yake, yomwe ndiitchula kutsogoloku, koma singakhale gwero lalikulu la ndalamazi.

Achitatu ndi amene akuyang'ana kunja. Akuti maiko olemera ndiwo anaononga dziko lapansi, ali ndi matumba a ndalama za kusintha kwa nyengo, tiyeni tilembe mapulojekiti. Sindikana thandizo, ndipo pali zinthu zomwe thandizo limachita bwino, monga kugula makina, kumanga shedi ndi kuphunzitsa anthu. Koma khasu lobwereka silikhalira kuthyoka. Tonse taziona zikwangwani zomwe zikuchita dzimbiri m'mbali mwa misewu, zolembedwa dzina la pulojekiti ndi zaka zake zitatu. Ndinayenderapo gulu lina la achinyamata lomwe linalandira makina ogaya pulasitiki. Makinawo anali pakona atafundidwa lona, pamwamba pake pali nkhuku. Sanaonongeke ayi. Pulojekiti itatha panalibenso ndalama yogulira pulasitiki kwa otola, yolipirira magetsi, ngakhale yolipirira lole. Thandizo limagula zinthu zooneka zomwe zingajambulidwe pa tsiku lopereka, pamene ntchito ya zinyalala imadya ndalama tsiku lililonse mpaka kalekale, monga momwe botolo limagulitsidwira tsiku lililonse. Choncho gwero la ndalama liyenera kukhala loyenda limodzi ndi malonda, osati ndi kalendala ya wopereka.

Mfundo yachinayi ndi ya anzathu okhulupirira msika, ndipo ndiikhalira pang'ono chifukwa imamveka yanzeru kwambiri. Akuti ngati m'zinyalala mulidi chuma monga timanenera, amalonda alowamo okha ndipo mabanki abwereketsa okha, boma lisalowererepo. Pa zitsulo akunena zoona, ndipo zachitika kale. Pa pulasitiki masamu ake ndi ena. Botolo lopanda kanthu ndi mpweya wokhawokha, ndipo ungadzaze lole yonse koma pa sikelo n'kupeza kulemera kochepa. Mafakitale ambiri omwe angagule pulasitiki wakale ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo kuchokera kuno kukafika ku Lilongwe kokha ndi makilomita oposa 350 pa msewu wa M1. Popanda makina opanikiza mabotolo kukhala mabelo, mtengo wa dizilo umadya phindu lonse lole isanafike pa Jenda. Komanso pulasitiki wakale amapikisana ndi watsopano, yemwe amapangidwa kuchokera ku mafuta, ndipo mafuta akatsika mtengo pa msika wa dziko lonse fakitale imasiya kugula wakale. Wamalonda wa ku Luwinga alibe mphamvu pa zimenezo. Ndiye apite ku banki. Mu 2024 banki yaikulu ya Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo wobwereka wamba amalipira choposa pamenepo. Banki yomweyo ikhoza kubwereketsa boma n'kupeza phindu labwino popanda kutuluka thukuta. Ingasiye zimenezo n'kukabwereketsa gulu la amayi lomwe chikole chake ndi mulu wa mabotolo? Otsala ndi banki m'khonde ndi katapila. Banki m'khonde yathandiza mabanja ambiri, ine sindiinyoza, koma ngongole yake ndi yaing'ono, ya mwezi umodzi kapena iwiri, yoyenera geni ya tomato yomwe ndalama imabwerera madzulo omwewo. Singagule makina. Chotero msika paokha udzapitiriza kutola zonona n'kusiya zotsalazo m'ngalande. Koma taonani chomwe chimasintha pakakhala thumba lolipira pa kilogalamu: gulu lija limakhala ndi pepala losonyeza kuti likapereka matani akutiakuti lilandira zakutizakuti, ndipo pepala limenelo SACCO, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kapena banki ikhoza kulilandira ngati chikole. Ngongole imatsata kumene kuli wogula wodalirika. Ndiye maganizo angawa sakulimbana ndi msika, akuupatsa poyambira.

Alipo ena amene akuti tingoletsa pulasitiki basi. Mbiri yathu yayankha kale. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60, mu 2015. Makampani ena anathamangira ku khoti, khoti lalikulu la apilo linagamula mokomera chiletsocho mu 2019, koma ziletso za makhoti zinapitirirabe kwa zaka zina, ngakhale anthu ngati Gloria Majiga-Kamoto, amene analandira mphotho ya Goldman ya oteteza chilengedwe mu 2021, anamenya nkhondo yaikulu. Chiletsocho ndimachivomereza, koma chimakhudza majumbo opyapyala okha. Botolo la mafuta ophikira, chigubu ndi thewera zidzakhalapobe. Phunziro lina lomwe ndikutengapo ndi lakuti dipoziti nayonso idzalimbanidwa, choncho iyenera kulembedwa momveka m'malamulo, isangokhala chilengezo cha nduna.

Mfundo yomwe imandisowetsa tulo ndi yachisanu ndi chimodzi: ndalamazo zidzabedwa, kapena zidzamira m'thumba lalikulu la boma osaonekanso. Amene akunena izi sakulota. Mu 2019 tinayamba kulipira msonkho wa kaboni pa magalimoto, ndipo woyendetsa galimoto wamba sangakulozeni chomwe ndalamayo yachita m'dera lake. Ku South Africa komwe ndatamanda kuja, msonkho wa majumbo womwe unayamba mu 2004 unkalowa m'thumba la boma, ndipo kagawo kochepa kokha ndiko kanafika pa ntchito yokonzanso. Ndiye ndikuvomera kuti ndalama ikangotoleredwa popanda mpanda, tidzakhala tawonjezera msonkho wina basi. Komatu yankho la kuba si kusiya kutolera, koma kumanga njira yomwe wakuba alibe pogwira. Tili nacho kale chitsanzo cha ndalama yokhala ndi dzina lake, monga gawo la mtengo wa mafuta lomwe limapita ku misewu kudzera ku Roads Fund Administration ndi lina la magetsi a kumidzi, ngakhale kumenekonso madandaulo sasowa. Thumba la mabotolo likhoza kuposa pamenepo chifukwa ntchito yake ndi yoyezeka. Fakitale yatulutsa mabotolo angati, abwerera angati, sikelo yawerenga makilogalamu angati: manambala atatu amenewa azisindikizidwa mwezi ndi mwezi, aliyense aziwaona. Wotola azilipidwa pomwepo pa Airtel Money kapena Mpamba, osadikira cheke ya ku Lilongwe. Thumbalo liziyendetsedwa ndi makampani olipirawo pamodzi ndi oimira otola, boma likhale woyang'anira, chifukwa kampani yomwe yatulutsa ndalama yake imakhala ndi diso pa ndalamayo. Ndipo lamulo liike malire a zomwe zingathere pa maofesi, magalimoto ndi misonkhano. Dipoziti ili ndi mlonda winanso yemwe msonkho ulibe, yemwe ndi wogula mwini: K50 yake ikakanidwa pa kauntala, phokoso limveka tsiku lomwelo.

Ndisabise kuti pali gawo lalikulu la zinyalala zathu lomwe dipoziti singalifike. Zambiri zomwe zimatuluka m'misika ndi m'makhitchini athu ndi zowola: masamba a kabichi, makoko a nthochi ndi chinangwa, tomato wophwanyika, zotsalira za nsomba. Palibe fakitale yomwe ingalipire khoko la nthochi. Apa ndi pomwe khonsolo ndi boma ali ndi mbali yawo yeniyeni, ndipo Mzuzu ali ndi mwayi kuposa mizinda ina. Tazunguliridwa ndi alimi a m'madimba a m'mbali mwa Lunyangwa, alimi a khofi ndi a chimanga, onse akulira ndi mtengo wa feteleza yemwe timagula ndi ndalama zakunja zomwe tilibe. Ambiri aphunzira kale kupanga feteleza wa Mbeya posakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza wa m'sitolo pang'ono, n'kumusunga masabata atatu. Kumtunda kuno tilinso ndi utuchi wa matabwa a ku Chikangawa womwe ungaumbidwe kukhala makala, mitengo ya ku Kaning'ina n'kupumako. Chomwe chimagwetsa opanga manyowa ndi nthawi: mulu umafuna miyezi iwiri kapena itatu kuti upse, pamene wotembenuza muluwo amafuna kudya lero. Akufunika mpamba woleza mtima ndi wogula wotsimikizika. Pulogalamu ya AIP, yomwe inayamba mu 2020, yadya ndalama zankhaninkhani pa feteleza wochokera kunja. Kagawo kakang'ono kokha ka ndalama zotere katagula manyowa oyezedwa bwino opangidwa kuno, ndalamayo ikanazungulira ku Mzuzu m'malo mowoloka nyanja. Sindikunena kuti manyowa alowe m'malo mwa feteleza yense, poti mphamvu zake n'zosiyana, koma nthaka yathu yotopayi imagwira bwino feteleza ikakhala ndi manyowa. Ndipo yunivesite ya Mzuzu ili pompano, ikhoza kuyeza manyowawo kuti mlimi asagulitsidwe dothi wamba.

Lamulo la dipoziti ndi la aphungu a ku Lilongwe, ndipo aphungu athu ayenera kufunsidwa za ilo maso ndi maso. Koma pali zina zomwe sizifuna kudikira nyumba ya malamulo. Khonsolo ikhoza kupatula kamalo pafupi ndi msika waukulu ndi ku Zigwagwa, n'kukapereka kwa magulu a otola popanda lendi, kakhale ndi denga, sikelo ndi madzi. Ikhoza kupatula gawo lodziwika la tikiti ya mumsika kuti lizilipira amene amasiyanitsa zowola ndi zosawola pomwepo, zisanasakanikirane m'chibini chimodzi, chifukwa zikasakanikirana manyowa amadzaza magalasi ndipo pulasitiki amada moti fakitale imamukana. Ikhoza kulembetsa otola n'kuwapatsa ziphaso kuti asamathamangitsidwe ngati akuba. Mahotela, malo a maphwando ndi maofesi omwe amamwetsa anthu madzi a m'botolo akhoza kuyamba okha kulipira gulu lomwe limabwera kudzatenga mabotolowo, m'malo moyembekezera kuti aliyamikire chifukwa chowapatsa zinyalala zaulere. Ndipo wopereka thandizo amene akufuna kusiya chinthu chokhalitsa kuno agule makina opanikiza mabotolo, aikepo ndi ndalama yogulira mabotolo ya chaka chathunthu, kuti lole yoyamba yopita ku Lilongwe inyamuke itadzaza mabelo olemera, muli ndi mulu uja mayi wa thobwa amaukankhira pambali ndi phazi.